Mawu a Sautso pa Sipika ya ku Msika

1.
Mumzinda wa m'filimumo mvula siikata. Nyumba zazitali zobaya mitambo, magetsi a mumsewu akuphethira, munthu wa jekete lalitali akulondola mtsikana kunsi kwa mlatho. Azungu akulankhula zakwawo, koma pamwamba pawo pakumveka mawu onenepa a Chichewa: Mlongo, kuno si ku Bangwe, tola masilipasi uthamange.

Mwini mawuwo, Sautso, anamuika m'manda mvula isanayambe. Mawu akewo palibe anawauza.

2.
Ntchito yake inali kumasulira mafilimu. Ankadzitsekera kuchipinda ndi kompyuta ndi maikolofoni yovekedwa sokosi, n'kumalankhulira aliyense wa m'filimu, mwamuna, mkazi, mzukwa, ngakhale galu. Anzake ankamasulira za karate. Iye ankafuna zamdima zokhazokha, za m'mizinda ikuluikulu momwe munthu amafa anansi ake osadziwa. Zigawenga ankazitcha mayina a anthu a m'dera, ndipo anthuwo ankaseka mpaka misozi.

Mawu amenewo ndi amene ankalipirira mng'ono wake Ganizani ku koleji. Atatha mawu, inathanso koleji.

3.
Chomwe chinamupha Sautso:
chifuwa, anatero achipatala
nsanje, anatero anzake
kuonera magazi tsiku ndi tsiku, poti magazi amaitana magazi
zinthu zomwe ankazilankhulira, zinafuna pakamwa pawopawo
analowa zausatana, simunaone nsapato zatsopano zija?

Anthu akuti. Anthu akuti. Omwe aja ankaseka mpaka misozi.

4.
Mlaliki anabwera masana ndi amayi a mpingo. Anaunjika zonse kuseri kwa nyumba, kompyuta, ma CD, maikolofoni ndi sokosi yake yomwe, ndipo amene anakhwatcha machesi anali mayi awo, a Nambewe. Sanalire. Anaima chilili, utsi wa pulasitiki ukuwalowa m'maso, nkhope ili gwa ngati khoma.

Ganizani anawayang'ana n'kunena mumtima kuti mwamuika kawiri.

Iye anali atabisa kafulashi kamodzi m'nsapato yake yakale. Munali filimu yomaliza, yosatha kumasulira, yomwe palibe wina anaimvapo.

5.
Kasowa.

6.
Anakutumula nsapato, anatembenuza matiresi, kenako anakhala pansi n'kuyamba kuweruza dziko lonse, mlaliki uja amene maso ake ankayendayenda m'nyumba ngati akuwerenga mipando, Jalasi mnzake wa Sautso amene analira mokweza kwambiri pamaliro ndipo tsopano ndiye akumasulira mafilimu onse a m'Bangwe ndi nthabwala zobera malemu, mayi wa nyumba yoyandikana amene amabwera kudzapempha moto mbaula yake ili kuyaka, aliyense womupatsa moni, aliyense wosamupatsa moni, ndipo poyenda mumsewu ankamva mapazi kumbuyo kwake ngati ali mumzinda uja momwe mvula siikata

Anafunsa mayi ake ngati wina analowa kuchipinda. Iwo anangoti m'nyumba ya maliro mumalowa aliyense, n'kupitiriza kusankha nyemba.

7.
Lachinayi, dzuwa lili paliwombo, Ganizani akudutsa kumsika. Pa shedi ya vidiyo pali sipika yopachika panja yoitanira anthu.

Abale anga, chikepe ichi chikutsika koma nyumbayi ilibe pansi.

Kenako chifuwa. Chouma, chachitali, chomwe Sautso akanachidula akanakhala ndi nthawi.

Ganizani anaima pakati pa njira, wakabaza n'kumutukwana. Achimwene, anatero chamumtima, akugulitsani ndi chifuwa chomwe.

8.
Mwini shediyo, bambo Kamwendo, anali pakhomo akudya chinangwa. Ganizani sanapereke moni. Anafunsa amene anabweretsa filimuyo, ndipo anati akapanda kumubwezera kafulashiko akaitana apolisi.

Bambo Kamwendo anameza kaye. Anati apolisi abwere, nawonso amakonda za Sautso.

Ndi Jalasi eti?
Jalasi angandipatse chinthu chaulere ameneyo?
Nanga ndani?
Eni ake.
Eni ake ali kumanda.
Ndiye lowa ukawaone, mphwanga. Usalipire.

Ganizani anasuzumira mkati. Analowa.

9.
Mdima wa masana, fungo la thukuta ndi malata otentha. Amuna pa mabenchi, pakamwa pali yasa. Pa sikirini mtsikana uja ali m'chikepe, magetsi akuzima, chinachake chikukanda chitseko.

Anthu akuti m'malo ngati amenewa simulowa munthu wopemphera.

Pa benchi yomaliza, pakona, panali munthu mmodzi amene anafulatira sikirini. Anakhala moyang'ana khoma la malata, atafunda chitenje kumutu, dengu la kumsika lili pamiyendo. Sautso atatsokomolanso, dzanja la munthuyo linanyamuka pang'ono n'kuyamba kusisita m'malere, monga amachitira posisita msana wa mwana.

Chitenjecho Ganizani ankachidziwa. Anachiyanika yekha dzulo lake.

10.
Amayi.

Sanadzidzimuke. Anasendera kuti akhale.

Anafuna kuwafunsa zambiri, koma chomwe chinatuluka n'chakuti, munayatsa moto ndinu.

Anthu ankafuna moto, anatero a Nambewe motsitsa mawu, ndinawapatsa moto. Ukanakonda aziloza manda ake mpaka liti?

Anati kafulashiko anakapeza akusesa, ndipo anadziwa chomwe kanali chifukwa Ganizani chibadwire amabisa zinthu m'nsapato. Kunyumba kunalibenso choseweretsera. Ndiye anabwera nako kwa Kamwendo, n'kumupempha kuti aziika filimuyo nthawi imene iwo abwera kudzagula ndiwo. Zithunzizo sanazionepo ngakhale kamodzi, ndipo sakuzifuna.

Pamenepo mawu a Sautso anaduka pakati pa chiganizo. Panatsala Chingerezi chokhachokha ndi mkokomo wa mvula. Amuna aja anayamba kung'ung'udza, ena kuimirira.

Apa ndi pamene ndimanyamukira masiku onse, anatero mayiwo. Koma sananyamuke. Anagwira bondo la Ganizani, maso ali kukhoma.

Mtsikanayo Sautso anamusiya m'chikepe, anatero. Amatulukamo?

Ganizani anacheukira ku sikirini. Anamvetsera Chingerezicho, n'kuweramira kukhutu kwa mayi ake.

Akuti, anayamba motero monong'ona. Akuti pali munthu kunja kwa chitseko, ndipo akumuitana ndi dzina.

Kweza mawu, anatero bambo wina kutsogolo. Ifenso timve.