Dothi Lobwereka

Nyumba ya Namasamba inali yomalizira pa msewu umene unkathera pa chimulu cha mgodi wakale. Mgodiwo unatsekedwa iye asanakwatiwe. Eni ake anapita, koma chimulu cha dothi lotuwa chinatsala, ndipo mphepo ikawomba fumbi lake linkatera pa zovala zoyanika ndi pa makina a mwamuna wake, telala wosokera pakhonde. Kuseri kwa nyumbayo kunali dimba la repu, tomato ndi anyezi. Dzina loti Namasamba anamupatsa ndi anzake a pa msika.

Tsiku lina kunabwera mayi wa ku khonsolo atavala magolovesi dzuwa likuswa mtengo, moti pofika masana msewu wonse unkangomutchula kuti Amagolovesi. Anasonkhanitsa anthu pa mpopi n'kufotokoza kuti pali bungwe limene likupereka ndalama kwa makhonsolo zoyeretsera malo owonongeka ndi migodi yosiyidwa. Koma bungwelo linkafuna umboni. Choncho nyumba iliyonse inayenera kudzaza kathumba ka dothi la pabwalo kapena la kudimba, kuti akaliyeze ngati lili ndi mtovu.

"Mukaupeza mtovuwo, kenako?" anafunsa Namasamba.

"Tidzachotsa dothi loipalo n'kubweretsa labwino."

"Anthu ake osawachotsa?"

"Zimenezo palibe wanena, mayi."

Yankho limeneli silinamukhalire bwino Namasamba. Kunena kuti palibe wanena n'kosiyana ndi kunena kuti sizichitika. Pa msika paja a khonsolo anabweranso mwaulemu chomwechi, akuti akuyeza pokumba ngalande, koma ngalande yake inadutsa pomwe panali mabenchi a amayi ogulitsa masamba.

"Bambo, anthu awa akufuna malo," anauza mwamuna wake atafika kunyumba. "Akati dothi lili ndi poizoni, ndani adzagula repu wanga? Kenako adzati chokanipo, tikukutetezani. Mawa lake mudzaona mgodi watsegulidwanso."

Telala anachotsa ulusi pakamwa. "Nanga ngati poizoniyo alipodi?"

"Mwakhala mukudya masamba omwewa chikwatirane chathu. Mwafa?"

"Ndikudikira mundiuze," anatero telala, n'kupondanso makina.

M'mawa mwake Namasamba anakwera basi kupita kwa mlongo wake, kutsidya lina la tawuni kumene kulibe mgodi. Anabwerako ndi dothi m'chikwama chopitira ku msika. Anadzaza kathumba kake, lotsalalo n'kugawira makaniko wa nyumba yoyandikana ndi mayi wina wamasiye woweta nkhuku. Onse atatu anagwirizana kuti nkhaniyi ithere pomwepo.

Zotsatira zitabwera, zinadabwitsa aliyense. Msewu wonse unapezeka ndi mtovu wambiri, kupatula nyumba zitatu zimene zinali pansi penipeni pa chimulu. A bungwe lija atawona zimenezi anaimitsa kaye thandizo. Anati mwina khonsolo yaphika zotsatira, chifukwa sizingatheke kuti pafupi ndi moto pazizire.

Manong'onong'o anayamba pa mpopi. Ena ankati Amagolovesi adya ndalama. Ena ankati eni mgodi awatsekera pakamwa. Mphunzitsi wina, amene mwana wake wamng'ono ankangodwaladwala m'mimba, ananena poyera kuti pali munthu pa msewuwu amene akugwira ntchito ndi adani. Polankhula sanayang'ane Namasamba, koma Namasamba anaona kuti sanamuyang'ane dala. Makaniko anasiya kumupatsa moni mokweza. Mayi wa nkhuku uja akamuona ankalowa m'khola.

Loweruka lina Amagolovesi anatulukira okha, opanda galimoto ya khonsolo, atanyamula fosholo yaing'ono. Telala anawapatsa mpando pakati pa zidutswa za nsalu, n'kuchita ngati watanganidwa ndi kolala ya malaya.

"Mayi, ndabwera kudzaona dimba lanu," anatero Amagolovesi. "Ku ofesi likutchuka. Akuti ndi loyera kuposa bwalo la chipatala."

"Ndimalisamala," anayankha Namasamba.

"Ndikuona. Koma dothi la m'kathumba kanu linali lofiira. Pano ndikuona lotuwa."

"Pansi pake mwina n'pofiira."

"Ndiye tikumbe tione."

Namasamba anaima pa khomo la mpanda wa dimba, manja m'chiuno. Anamuyang'ana mayiyo bwinobwino. Nsapato zake zinali zakutha kuchidendene, ndipo maso ake anali a munthu amene akhala akumufunsa mafunso ovuta ku ofesi.

"Ndiuzeni chinthu chimodzi," anatero Namasamba. "Mukapeza zimene mukufunazo, nyumba ino ikhala yanga?"

"Ndalamazi n'zochotsera dothi, si zogwetsera nyumba. Zimenezo ndaziwerenga ndekha."

"Nanga chaka chamawa? Akabwera ena?"

"Za chaka chamawa sindingalumbire. Ine ndine wantchito chabe."

"Masamba anga?"

Amagolovesi anazengereza. "Akapezeka ndi mtovu, mudzaletsedwa kugulitsa mpaka dothi litasinthidwa. Sindikunamizani."

"Mwamva, bambo?" Namasamba anatembenukira kukhonde. "Si zomwe ndinkanena zija?"

"Ndamva," anatero telala osadzutsa mutu. "Ndamvanso kuti mwana wa aphunzitsi amugonekanso kuchipatala. Masamba amagula kuno."

Namasamba sanavomere chilichonse, ndipo Amagolovesi sanamufunsenso za dothi lofiira. Namasamba anangosuntha pakhomopo pang'ono, kusiya mpata wokwanira munthu mmodzi.

"Musaponde anyezi," anatero.

Anawatsatira mzere ndi mzere, kuyang'ana pomwe fosholo ikulowa. Anaumirira kuti kathumbako akamange iye akuona, ndipo anatuma mwamuna wake kuti alembepo yekha ndi choko chake cholembera nsalu, kuopa kuti angakasinthe m'njira. Amagolovesi anatsala pang'ono kuseka, koma anadzigwira. Atachoka apo anapita kwa makaniko, amene anatsegula geti asanagogode n'komwe.

Dimba la Namasamba linapezeka ndi mtovu wochuluka kuposa nyumba zonse. Bungwe lija linatumiza anthu akeake kudzayezanso, chifukwa nalonso linali litasiya kukhulupirira khonsolo, ndipo thandizo linachedwa mpaka mvula inadutsa. Nthawi yonseyo Namasamba sanagulitse ngakhale mpukutu umodzi wa repu. Benchi lake pa msika anakhalapo wina. Ankakhala pakhonde n'kumasokerera mabatani pa mayunifolomu a sukulu, ntchito imene ankadana nayo. Aphunzitsi aja ankadutsa osapereka moni, ndipo iye sanadziwe ngati akudziwa za dothi lobwereka lija kapena akungoganiza.

Malole odzasintha dothi atafika, antchito anapala dimba lonse mpaka kuya kofika m'mawondo, n'kuthira dothi lakuda lonunkhira manyowa. Nyumba sinagwetsedwe. Chimulu anachikwirira mbali yoyang'ana kumsewu yokha n'kudzalapo udzu. Mbali inayo anati idikira ndalama zina.

Tsiku lomaliza la ntchitoyo kunabwera amuna awiri achilendo ovala zipewa zolimba. Sanalankhule ndi aliyense. Anakwera pamwamba pa chimulu, n'kuimika chipangizo cha miyendo itatu, wina akusuzumiramo, mnzake akulozaloza chakumadzulo. Namasamba anafunsa kapitawo wa malole kuti anthuwo ndi ayani.

"Si athu," anatero kapitawo. "Mwina ndi a bungwe."

"Mwina?"

Kapitawo anangokweza mapewa n'kukwera lole.

Namasamba anatenga khasu n'kuyamba kupanga mizere m'dothi latsopanolo. Anaipanga moti polima nkhope yake iziyang'ana kuchimulu.