Tsiku Limene Gulu la Nilza Lidayamba Kulankhula

Usipa wathu udali utauma pathandala, mitambo ya mvula ikusonkhana kumapiri, koma galimoto ya ku Lichinga osabwera. Dalaivala adanenetsa kuti sangafike kuno ku Msumba chifukwa cha matumba awiri. Amafuna makumi atatu.

Mdzukulu wanga Nilza adatsegula gulu pa telefoni, n'kuikamo amayi onse oyanika usipa, ndi ine ndemwe, kuti tidziwe matumba alipo angati. Ndidamuchenjeza: "Mwana iwe, mawu olowa m'kachitsulo aka sabwerera! Ukudziwa amene akumvetsera?" Amayi anzanga ndidawachenjezanso potuluka m'tchalitchi.

Masiku asanu, m'gulumo zii!

"Vovo Lea, ndingolifufuta," adatero Nilza, ponditchula agogo m'Chipwitikizi. "Usipa uwole basi."

Mayi Kauthar, oyandikana nafe, amene ali ndi gulu lawo la amalonda ku Metangula, adamva ali kuseri kwa mpanda.

"Wamkulu m'gulumo ndani?"

"Ndi avovo," adayankha Nilza.

"Alankhulapo?"

"Iwowa? Telefoni amaigwira ndi nsonga ya chitenje!"

Mayi Kauthar adaseka mpaka kugwira mpanda. "Nanga pamsonkhano wa amayi, alipo amayamba wamkulu asanatsegule? Akudikira inu, amayi. Mwawaitana alendo, n'kuwasiya chiimire pabwalo."

"Ine sindidapite kusukulu," ndidatero.

"Pakamwa muli napo. Dinani apa, lankhulani. Mupatseni moni aliyense pomutchula dzina, mufunse funso limodzi losavuta. Mawa m'mawa chimodzimodzi. Akayankha, muthokozeni."

"Nanga akuba?"

"Mantha anuwo ndi abwino. Akhale malamulo a gulu."

Ndidadina, n'kuyamba kulankhula. "Odi, amayi! Ndine Lea. A Hadia, mwadzuka bwanji? Matumba muli nawo angati?"

Kachitsulo kadalira! "Ee, amayi, ndinu? Anayi! Ndimaopa kuyamba ine."

Kadaliranso. A Mwamini atatu. A Riziki asanu, n'kuwonjeza kuti mawu anga akumveka ngati a mtsikana. A Yara adatumiza chithunzi cha mbuzi yawo, osati usipa, koma nawonso tidawathokoza. Ndidavina pabwalo, ine nkhalamba!

Dzuwa lisanapendeke, matumba adakwana makumi atatu ndi awiri. Lachinayi galimoto idaima pamsewu, ndipo mvula idagwa Loweruka, mathandala ali opanda kanthu.

Gululo lilipo mpaka lero. M'mawa uliwonse ndimalitsegula ndine. Wolowa kumene timamulonjera ndi dzina lake. Lolemba ndimabwereza malamulo: munthu wosadziwika asalowe, nambala yachinsinsi musauze wina, nkhani yopanda umboni musaitumize, miseche isiyeni kunja.

Anzanga, gulu la pa telefoni silidzilankhulira lokha. Kuika mayina n'kosakwanira. Pakhale woyamba kulankhula, wolonjera anthu, ndi nkhani yothandiza tsiku ndi tsiku. Koma musagone, khalani maso. Ine kachitsuloka ndikukayang'anitsitsabe.