Nthambi ya Stanojka

Mkazi wanga Stanojka anabwera kwathu ndi bokosi limodzi la zovala ndi kanthambi ka mtengo wa mapulamu kokulunga m'kansanza konyowa. Kwawo kunali kutsidya kwa Drina. Masiku amenewo Drina unali mtsinje chabe, usanasanduke malire. Kanthambiko tinakamezanitsa pa tsinde la kuseri kwa khola, iye n'kumangapo ulusi wofiira wa ubweya wa nkhosa, monga ankachitira bambo ake. Mtengowo unabereka zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Rakiya, kachasu wa kwathu, yomwe ndinkatcheza ndi zipatso zake sitinkagulitsa. Inali ya paukwati ndi paubatizo. Iye atamwalira, inakhala yokathira pamanda ake Loweruka la akufa.

Matenda a sharka tinkawadziwa kale. Masamba amachita timphete tachikasu, zipatso n'kumayoyoka zisanapse, zowawa. Tinkangoti chaka chaipa. Mlangizi sitinamuonepo m'mudzi mwathu chithere nkhondo.

Patatha zaka ziwiri chimwalirireni Stanojka, anabwera alangizi awiri nthawi imodzi. Wathu anali Dubravka, mtsikana wovala nsapato za mphira zomukulira. Winayo anali a Mirsad, mlangizi wa kutsidya, bambo wa imvi. Anatisonkhanitsa m'kalasi ya pasukulu. Anati alangizi a mayiko awiriwa agwirizana kugwira ntchito ngati ofesi imodzi. Mitengo yonse yodwala idulidwe, kuno ndi kutsidya, m'nyengo imodzi yachisanu. Kenako tonse tilandire mbande zabwinobwino.

Obrad, yemwe munda wake wagundana ndi wanga, anaima osavula chipewa.

“Zaka zonsezi kopanda mlangizi mitengo ili chiimire. Lero mwabwera awiri, mwabwera ndi nkhwangwa. Akanabwera atatu bwenzi atatigwetsera ndi nyumba zomwe!”

Anthu anaseka. A Mirsad anasekanso.

“Achimwene, nsabwe zomwe zimafalitsa matendawa siziima pamlatho kuonetsa pasipoti. Mukadula nokha, zathu zibwera. Tikadula tokha, zanu zibwera. Zanuzo n'zonenepanso, ndaziona.”

“Zimadya bwino kuno,” anatero Obrad, n'kukhala pansi.

Anthu anavomera. Ine sindinakweze dzanja, sindinatsutsenso.

Dubravka anafika m'munda mwanga ndi chitini cha penti. Anayenda mzere ndi mzere, ine pambuyo. Atafika kuseri kwa khola anatembenuza tsamba limodzi, n'kuviika burashi.

“Umenewo usiyeni,” ndinatero.

“Bambo Milisav, taonani masambawa.”

“Ndaona.”

“Ndiye?”

“Ukubereka.”

“Ukubereka theka. Theka linalo ndi ili pansili, lomwe nkhumba zanu zomwe zikulikana.”

Anapaka mtanda pakhungwa, koma anapaka pang'onopang'ono.

“Andiuza kuti unali wa akazi anu,” anatero. “Pepani. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi. Anthu akuno ndikukudziwani, ngakhale agogo anga anali otero. Mtengo simuugwetsa musanatengepo nthambi. Apa musatero. Matendawa sali pakhungwa ayi, ali m'kati, mpaka kunsonga. Mwandimva, bambo?”

Ndinayang'ana chitini chake. Iye anayesa ndavomera. Ambiri amayesa choncho ndikakhala chete.

Odula anabwera mu Januwale. Dzulo lake masana ndinaimika makwerero n'kukwera mpaka pamwamba penipeni, pomwe chilimwe chonse masamba anali obiriwira bwino. Ndinadulapo tinthambi titatu totalika ngati pensulo. Ndinatikwirira mumchenga wonyowa m'chipinda chapansi, pambali pa mbatata. Kwathu mtengo wa munthu sutayidwa. Bambo anga anasunga wa agogo motero, ndipo palibe anawatcha wolakwa.

Makina analira masiku khumi, kuno ndi kutsidya. Utsi wa mbali zonse ziwiri unkakumana pamwamba pa mtsinje.

Chisanu chitatha mbande zinabweradi, iliyonse ndi kachikwangwani kake. Ine ndinalandira zana ndi makumi awiri. Pa mbande yomaliza, kuseri kwa khola, ndinamezanitsa kanthambi ka Stanojka. Ndinamata phula. Ulusi wofiira ndinautenga m'dengu lake lolukiramo, lomwe likadali pomwe analisiya. Kanthambiko kanagwira.

Zaka ziwiri zotsatira zinali zabwino, sindikana. Dubravka ndi a Mirsad ankabwera limodzi mwezi uliwonse. Anatiphunzitsa kusadza nthambi kuti dzuwa lizilowa pakati pa mtengo. Nsabwe zikaoneka kutsidya, uthenga unkafika pafoni zathu tsiku lomwelo, ife n'kupopera mankhwala nthawi isanathe. Obrad yemwe uja anaitana a Mirsad kunyumba kwake kukamwa khofi. Mpaka anawoloka mlatho kukaona minda yawo, atabwerako n'kumati anthu aja kusadza sadziwa, koma nyama ya nkhosa kuwotcha amatha.

Chaka chachitatu, mu Meyi, ndinaona kamphete kachikasu pa tsamba la nthambi ya Stanojka. Ndinalithothola n'kuliponya m'mbaula. Mawa lake ndinathothola anayi. Ndinachita zimenezi milungu itatu. Kenako timphete tinaoneka pa mitengo yoyandikana nayo, ndipo mu Juni tinalumpha mpanda kulowa kwa Obrad.

Obrad anabwera atanyamula masamba m'chipewa.

“Waona, nkhalamba iwe? Ndinanena ine. A kutsidya anadula? Unawaona akudula? Anagwetsa ya m'mbali mwa msewu kuti alendo ajambule, yakuseri ili chiimire. Ife ndiye mbuzi, tinameta mpala munda wonse.”

“Mwina,” ndinatero.

Mawu a Obrad amenewa anayenda m'mudzi monse. A Mirsad atabwera, anapeza anthu atatseka zipata. Wina anawaphwetsera matayala.

Dubravka sanakhulupirire. Anati matenda ochokera kutsidya akanayambira kumtsinje, osati kumtunda. Anayamba kuwalondola mtengo ndi mtengo, kuchokera kwa Obrad, kudutsa mpanda, mpaka kuseri kwa khola langa. Anaima pamenepo nthawi yaitali. Ulusi uja ndinali nditaumasula kuti usafinye nthambi, koma sindinauchotse. Unali utasuluka, komabe wofiira.

“Ndinakuuzani,” anatero.

“Munandiuza.”

“Nanga bwanji?”

“Ndi wa Stanojka.”

“A Mirsad anagwetsa mitengo makumi asanu ndi limodzi ya bambo awo ndi manja awo. Ndinalipo. Analira ngati mwana. Lero anthu anu akuwatcha abodza, inu muli duu!”



“Loweruka kuli msonkhano,” anatero. “Akufuna kutuluka m'mgwirizano. Ine ndikanena, ati ndikuikira kumbuyo a kutsidya. Mukanene nokha, bambo. Mawu asanu okha akwana. Kenako tidula uwu ndi yoyandikana nayo, yotsalayo ipulumuka.”

Loweruka ndinavala jekete la kutchalitchi. Kalasi inadzaza. A Mirsad anakhala kutsogolo, chipewa pamaondo, palibe anawapatsa moni. Anthu analankhula mokuwa kwa ola lathunthu. Ena anayamba kukumba za nkhondo, zomwe sizinkakhudza mitengo n'komwe. Mawu asanu aja ndinali nditawakonza. Ndinaima.

Kalasi inati zii, chifukwa palibe anandionapo nditaima pamsonkhano. Obrad anandigwira paphewa.

“Taonani! Mpaka Milisav wosalankhula waima! Munthu uyu anagwetsa mtengo wa malemu mkazi wake chifukwa cha mabodza a anthu awa. Khala pansi, achimwene, usadzivute. Tikulankhulira ife.”

Anthu anaomba m'manja. Mayi wina anapukuta misozi. Ndinayang'ana Dubravka, iye akundiyang'ana. Ndinaganiza za nkhwangwa kuseri kwa khola, kachiwiri.

Ndinakhala pansi.

Dubravka anaima n'kunena kuti matenda anayambira konkuno, m'munda wa kumtunda. Dzina sanatchule. Sindidziwa chifukwa chake. Anamukuwiza mpaka mawu ake sanamvekenso. “Akudyetsa chiyani kutsidyako, mtsikana iwe?” anakuwa wina. Manja anakwera, mudzi unatuluka m'mgwirizano. Midzi ina iwiri inatsatira. A Mirsad anavala chipewa, anati, “Tsalani bwino, abale,” n'kutuluka. Sanawolokenso.

Pofika Okutobala ofesi inali itatsekedwa. Dubravka anamusamutsira kutauni. Anadutsa pachipata changa tsiku lopita, m'galimoto yodzaza mabokosi. Ndinakweza dzanja. Sanaime. Akuti zonse anazilemba m'lipoti. Malipoti kuno sawerengedwa.

Mauthenga a pafoni anasiya. Nsabwe tsopano timazidziwa zitafika kale. Timphete tili m'minda isanu ndi iwiri.

Mtengo wa Stanojka ulipobe. Palibenso wobwera ndi penti. Chaka chino unabereka koyamba, mapulamu khumi ndi limodzi. Asanu ndi anayi anayoyoka mu Julayi. Awiri otsalawo ndinawadikira mpaka anada. Ndinaluma limodzi. Linali lowawa, m'kati muli mabala ofiirira mpaka panjere. Linalo ndinaponyera nkhumba, inalinunkhiza n'kuchoka.

Loweruka la akufa ndinapita kumanda ndi rakiya yogula m'sitolo, ya m'botolo lokhala ndi chithunzi. Obrad anali pamanda a mayi ake. Anaona botololo n'kupukusa mutu.

“Mpaka pamenepa atifikitsa,” anatero. Analavulira cha kutsidya kwa mtsinje, komwe kuli mudzi wa kwawo kwa Stanojka. “Mulungu awaone.”

Ndinatsegula botolo n'kuthira.