Phulusa m'Dothi la a Tabita

Ku Nsaru kuno, wofuna mbaula yadothi amapita kwa mayi Vainess kapena kwa mlamu wawo a Tabita, mlongo wa amuna awo. Onse awiri mbaula zawo zinkang'aluka m'ng'anjo chimodzimodzi, koma zimenezi musakawauze a Vainess.

Mwana wa a Vainess, Talandira, yemwe akuchita kafukufuku ku yunivesite, atabwera kudzatenga dothi, a Vainess anayenda mothimbwidzika mudzi wonse. Mwanayo anafotokoza kuti akaliyeza dothilo kuti adziwe zomwe zili m'kati. Kenako kompyuta, imene anaiphunzitsa kale za madothi osiyanasiyana, ikaumba ndi kuwotcha mbaula zongoyerekeza zambirimbiri popanda nkhuni, mpaka ipeze kasakanizidwe kosang'aluka.

"Ukayambe ndi langa," anatero a Vainess.

"Amayi, ndatenga kwa onse oumba. La azakhali Tabita ndi ilo."

Timatumba ta dothilo tinali titandandalikidwa pakhonde, ka a Vainess kali pakati ngati ka munthu wamba. Zinawapweteka. Iwo ankafuna chinthu chimodzi chokha: mwana wobereka okha akaime pagulu n'kunena kuti nzeruzi anazitenga kwa mayi ake.

Lachinayi masana amayi anzawo akupita ku mapemphero a Chigwirizano, iwo anati mutu ukuwawa. Pakhomo patangoti zii, anatapa phulusa la makoko a mtedza lomwe linali padzala, n'kulikanyira bwinobwino m'dothi la a Tabita.

"Likaphulike komweko," anadzuma akumanga kathumbako.

Choipa chitsata mwini. Talandira anabweranso mvula itatha, anasonkhanitsa oumba onse pabwalo la tchalitchi n'kutsekula kompyuta. Pagalasi pankazungulira zithunzi za mbaula, ndipo malo ong'aluka ankaoneka ofiira. Ya a Vainess inali psuu kuyambira kukamwa mpaka pansi. Ya a Tabita inalibe n'kadontho komwe.

"Dothi la azakhali lili ndi phulusa la makoko a mtedza," anatero Talandira, nkhope ikuwala. "Kompyuta itaona zimenezo inafufuza mpaka kupeza muyezo woyenera. Taumba zenizeni, tawotcha, osang'aluka. Ine ndi sukulu yangayi sindikanaganiza za phulusa. Mu lipoti langa ndalembamo dzina lawo."

Amayi onse pabwalopo anaimba nthungululu. A Tabita anangoti kukamwa yasa.

"Ine phulusa? Kaya, mwina mphepo."

"Musadzichepetse, azakhali. Manja anuwa amadziwa okha." Anawagwira manjawo n'kuwakwezera m'mwamba kuti aliyense awaone.

A Vainess nsanje inawagwira. Manja awo, omwe anakanya phulusalo, anali pamiyendo popanda wowayang'ana. Mawu oti "ndine" anafika pamlomo penipeni. Koma akanatero, funso lotsatira likanakhala loti ankafunanji m'thumba la mlamu wawo pa tsiku la mapemphero, ndipo akanayankha pamaso pa amayi busa ndi mwana wawo yemwe. Anangowomba nawo m'manja mochedwerapo.

Pobwerera kunyumba Talandira anangokhalira kukamba za azakhali ake njira yonse. Atafika pankhokwe anaima, n'kuloza mulu wa makoko.

"Amayi, inu makoko muli nawo ambiri. Muziwatentha n'kumakawasefera azakhali. Mukaphunzirekonso, eti? Zanu zija zang'aluka kwambiri."

"Chabwino, mwanawe."

M'mawa mwake anasenza beseni la phulusa kudutsa pamsika, anthu akuwapatsa moni n'kumawayamikira kuti ali ndi mlamu wanzeru. Anawapeza a Tabita atakhala pampando, atavala chitenje chatsopano, amayi angapo atawazungulira. Kukumbukira kunali kutawabwerera tsopano: ankafotokoza kuti maganizo a phulusa anawabwerera ali kumunda.

"Mwabwera alamu? Tulani apo," anatero a Tabita mokoma mtima. "Sambani m'manja, ndikuonetseni kathiridwe kake."