Mbale Wobwereka wa ku Muloza

Bambo anga, a Arsenio, anamwalira Lachiwiri m'mawa, ndipo pofika masana zinali zitadziwika kuti analibe kwawo.

Amene anatulukira zimenezi ndi amalume, a Hopewell, mlongo wawo wa malemu mayi anga. Anafika pasiwa atavala mikanda m'khosi, chipewa cha nthenga, ndi malaya a nsalu ya bungwe lawo la Mizu Yathu, lomwe iwo ndi wapampando wa nthambi ya Chonde. Bungweli limakumana Loweruka kuseri kwa sitolo yawo kukumbutsana kuti ndife Alomwe ndipo makolo athu anatsika phiri la Namuli ku Mozambiki. Amalume anakumbukira kuti ndi Mlomwe atapuma pantchito ku Blantyre. Ndili mwana ankandimenya pakamwa ndikatchula mawu a Chilomwe amene ndinatola kwa bambo. Ankati ndiwachititsa manyazi kwa alendo.

"Fanuel, khala apa," anatero amalume. "Nkhani ya manda."

"Bambo ananena kale. Anati tidzawaike pambali pa amayi."

"Ananena kwa ndani?"

"Kwa ine."

"Iwe ndiwe wathu, wa kuchikazi. Mawu a mkamwini amabwera ndi abale ake. Abale akewo ali kuti?"

Ankadziwa bwino kuti kulibe. Bambo anawoloka malire nthawi ya nkhondo ali mnyamata, ali okha. Anathyola tiyi, anakwatira mayi anga a Esteri, nakhala pamudzi pathu zaka zoposa makumi atatu. Denga la amalume anafolera ndi iwo. Manda a theka la mbumba yathu anakumba nawo. Ukawafunsa kwawo ankangoloza ndi chibwano cha kum'mawa, amvekere, "Kuseri kwa phirili," kenako n'kukutuma madzi. Mayi atadwala ndinasiya koleji kudzawasamala, ndipo sindinabwererenso. Atamwalira, bambo ankapita kumanda Lamulungu lililonse kukasesa. Ankapaliranso kamalo kopanda kanthu kumanzere kwa mayi, ngati munthu woyala mphasa asanagone.

"Manda athu ndi a mbumba," anapitiriza amalume. "Alendo ali ndi malo awo kuesiteti, komwe amaika othyola tiyi osadziwika kwawo."

"Koma amalume, si inu mumati tonse tinachokera ku Mozambiki?"

"Ife tinabwera kale, mwaulemu, ndi makolo. Iyeyu anabwera dzana, akuthamanga."

Mudzi wonse unkadziwa kuti kamalo kaja, pamthunzi wa mbawa pafupi ndi njira, amalume anali atakayeza kale ndi chingwe. Ankafuna kudzamangapo chiliza chawo chosongoka ngati phiri la Namuli, choti odutsa azichiona.

"Tiika Lachinayi," anatero akudzuka. "Ukabwera ndi wa kuchimuna, tikambirana. Apo ayi, kuesiteti."

Lachitatu ndinakwera minibasi ya ku Muloza. Ndinazungulira ponse pachipata cha malire a Mozambiki, kwa osintha ndalama, kwa anyamata a kabaza, kufunsa ngati alipo wodziwa abale a Arsenio.

"Arsenio uti?" anafunsa wakabaza wina. "Wamtali? Wachidakwa? Wa mpingo? Ukafuula dzina limenelo pano atembenuka anthu odzaza lole."

Mayi wina wogulitsa zitenje, a Claudia, anamvetsera nkhani yanga yonse akupinda nsalu.

"Achimwene, mukufuna mbale weniweni kapena woti akaime pamaliro?"

"Pali kusiyana?"

"Weniweni simumupeza. Winayo ndi uyo."

Analoza mkulu wina woonda amene ankamata chubu cha njinga pansi pa mtengo. Panthambi pamwamba pake panapachikidwa jekete lakuda m'jumbo.

"Ndi a Dario amenewo. Jekete lija ndi la maliro. Aika abale ambiri kuposa amene mayi awo anabereka."

Nditawafotokozera za bambo ndi amalume, a Dario sanadabwe. Anandifunsa chaka chimene bambo anawolokera, msinkhu wawo, kenako anagwira khutu lawo lamanzere.

"Anali ndi chipsera apa?"

"Sindinachionepo."

Anatsitsa dzanja. Kenako anati, "Ukufuna ndikhale mkulu wake kapena msuweni? Mkulu wake amalira kwambiri, koma amadyanso kwambiri."

"Ndikungofuna mukanene kuti abale avomera aikidwe pambali pa mkazi wawo. Basi. Osawonjezera."

"Amalume akowo ndi munthu wotani?"

Ndinawafotokozera za mikanda, za bungwe, za chiliza chosongoka. Anatsitsa jekete lija, nalikuntha fumbi.

"Tiye, sobrinyu. Kuyambira pano ndiwe mwana wa mng'ono wanga, uzinditchula tiyu, monga timachitira m'Chipwitikizi."

Lachinayi m'mawa, thupi litafika kuchokera kuchipatala, a Dario anapempha kuona nkhope asanalankhule ndi aliyense. Anagwada pabokosi nthawi yaitali. Anatembenuza mutu wa bambo pang'ono, mwaulemu, ndipo analira kulira kumene sindinawalamule. Amayi a m'siwa, omwe anali atayamba kutopa, anayambiranso.

Kenako akuluakulu anakhala pansi pa mango. Amalume anabwera ndi komiti yonse ya Mizu Yathu, kuphatikizapo mlembi wawo, mayi Christobel, amene anadzutsa foni kuti ajambulire gulu lawo la pa WhatsApp. A Dario anapereka moni wautali m'Chilomwe. Amalume anagwedeza mutu mpaka nthenga zinavina, kenako anati, "Tilankhule Chichewa, kuti ana amve nawo."

"Chabwino," anatero a Dario. "Ine ndine mkulu wake wa Arsenio. Tathokoza potisungira. Tabwera kudzatenga munthu wathu."

Ndinawakoka jekete. Anandiponda phazi osandiyang'ana.

"Kudzatenga?" anafunsa amalume.

"Lole ikudikira pachipata. Arsenio ndi wa m'nyumba ya patsinde penipeni pa Namuli, nyumba yosunga ng'oma ya tchopa. Munthu wotere sangagone pakati pa anthu amene Namuli amangomuona pa nsalu."

Mayi Christobel anatsitsa foni pang'ono.

"Wa ku Namuli kwenikweniko? Apampando, ndiye tinali naye pano zaka zonsezi, ife n'kumakaitana wotiphunzitsa mwambo ku Lilongwe?"

"Nthambi ya ku Phalombe ikamva kuti tamulola kupita, itiseka mpaka chaka chamawa," anatero msungichuma.

"Akatitengera ndi ng'oma yomwe," anawonjezera wina amene sanamve bwino nkhani.

Amalume anaimirira, mikanda ikuchita phokoso.

"Sizitheka! Mlamu wanga sapita kulikonse. Munali kuti inu pamene ife timadya naye mbale imodzi? Munali kuti akudwala? Munthu tamulera tokha, lero mungobwera ndi lole?"

"Ndamva kuti mukufuna kukamutaya kuesiteti," anatero a Dario modekha.

"Wanena zimenezo ndani? Ndani?" Amalume anayang'ana uku ndi uku, kulumpha ine. "Anthu a pano ndi abodza. Mlamu wanga agona pamalo aulemu, pambali pa mkazi wake, pamthunzi wa mbawa. Ndinayeza ndekha ndi chingwe!"

A Dario anakana. Anakananso kachiwiri. Anati azilongo awo ku Namuli sadzawakhululukira. Amalume anachonderera, komiti inachonderera, mayi Christobel anagwada foni ili m'manja. Pomaliza a Dario anausa moyo ngati munthu wolandidwa mbuzi.

"Chabwino. Koma kwathu, amene waumirira maliro ndiye amayamba kukumba, ndipo salekeza dzenje lisanafike m'chiuno."

Adzukulu okumba manda anapatsa amalume khasu mosachedwa, ndipo anakhala pamthunzi n'kumawawongolera. Amalume anakumba malo awo omwe, atavula chipewa cha nthenga, thukuta likuyenderera m'mikanda.

Mwambo wa maliro sindinauzindikire. Bokosi analikuta ndi nsalu ya bungwe. Amalume analankhula nthawi yaitali, kunena kuti iwo ndi mlamu wawo ankacheza m'Chilomwe mpaka dzuwa kulowa. Anyamata anavina tchopa, kuvinira munthu amene moyo wake wonse ankangoimba besi chapansipansi kumbuyo kwa kwaya ya tchalitchi. Nkhata ya Mizu Yathu inali yaikulu kuposa yanga. Ndinafuna kukuwa kuti bambo anga ankakonda tiyi wopanda mkaka ndi wailesi yosweka, kuti palibe mmodzi wa iwo anawafunsapo za ng'oma kapena za chilichonse. Koma adzukulu anatsitsa bokosi kumanzere kwa mayi, pamalo paja bambo anapalira okha, ndipo ndinatseka pakamwa.

Anthu akudya kalongonda wa komiti, ndinaperekeza a Dario kumsewu. Ndinawapatsa pampu ya njinga ya bambo ngati malipiro awo. Anaiyesa pachikhatho, nagwedeza mutu kuti ndi yabwino.

"Munatsala pang'ono kundipha," ndinatero.

"Ndikanapempha malo, akanandimana. Anthu ngati amalume ako ndimawaona tsiku lililonse pamsika. Safuna katundu mpaka wina amugwire."

"Bambo analidi a ku Namuli?"

"Ndidziwa bwanji? Ine sindinafikeko."

"Nanga munkalira chiyani pabokosi paja?"

Anavula jekete, nayamba kulipinda bwinobwino.

"Ndinali ndi mng'ono wanga, Mikaeli. Tinathawa limodzi, tinasiyana pamtsinje. Anali ndi chipsera kuseri kwa khutu, ndinamugenda ndine tili ana. Ambiri anasintha mayina atafika kuno. Ndiye wothawa nkhondo akamwalira, ndimapita kukaona."

"Ndiye?"

"Si iye."

Analowetsa jekete m'jumbo. Minibasi inaima, kondakitala akukuwa za Muloza.

"Koma akanakhala iye, ndikanamusiya pomwe paja," anatero atakweza phazi limodzi. "Pali mthunzi wabwino."

Sabata yatha amalume anabwera kudzandiuza kuti komiti yandisankha kukhala wapampando wa achinyamata, poti m'mitsempha mwanga mukuyenda magazi a patsinde pa Namuli. Anandibweretsera mikanda. Ndinawauza kuti ndiganiza kaye, ndinatenga tsache n'kupita kumanda. Tsopano malo osesa ndi awiri, ndipo mbawa imagwetsa masamba kwambiri nyengo ino.