Nkhuku pa Mwinjiro wa Roke Woyera

Ku Gamarra kuno, kumsika waukulu wa zovala, mabwana odzimva ndi mbwee, koma a Eleuterio Huamán anali kuwaposa onse. Makina awo opeta nsalu ndi akalekale, salandira chithunzi mwa njira ina koma pa fulashi. Ntchito yanga ndi kunamiza makina oterewa. Ndimalumikizako kakompyuta konga bokosi la machesi, kamene kamadzionetsa ngati fulashi, ndipo bwana amangotumiza zithunzi kuchokera pa foni ali khale pampando.

Lamulo ndi limodzi lokha. Makina akayamba kupeta amauza kakompyutako kuti, usachotse, ndikuwerenga. Kenelo, yomwe ndi phata la pulogalamu yoyendetsa kakompyutako, imamvera. Ukati uchotse chithunzi uikepo china, imakana mpaka makina atamaliza.

Sipanathe sabata chiwaikireni kakompyutako, a Eleuterio anandiitana.

"Maritza, kanthu kako kaja kakundikaniza."

"Kakukanizani chiyani, bambo?"

"Ndikufuna ndiikiretu ntchito yotsatira, kakuti ayi. Ine! Kadya chiyani kuti kakhute chonchi?"

"Makina amakhala asanathe kuwerenga, bambo."

"Ndiye ndizidikira ngati ndili pa mzere wa basi? Ika batani lochotsa mokakamiza. Ndamva kuti lilipo, usandipusitse."

Khomo limenelo mu kenelo lilipodi. Opanga keneloyo analiikira tsiku limene makina afa atagwirabe fulashi, kuti munthu asasowe pogwira. Ndinawafotokozera zimenezi kawiri, iwo akungogwedeza mutu, maso ali pa foni. Ndinaliika batanilo, lofiira psuu, pamodzi ndi funso lakuti, mukutsimikiza? Funsolo anandichotsetsa pomwepo. Akuti mwamuna safunsidwa kawiri m'nyumba mwake.

Chaka chimenecho kumudzi kwawo, kumtunda kwa mzinda wa Huancayo, anawasankha kukhala mwini chikondwerero cha Roke Woyera. Udindowu anaulira zaka zambiri, chifukwa kumudziko ankawakumbukirabe ngati mbusa wa nkhosa za eni. Analonjeza pamaso pa anthu kuti chifanizo cha Woyerayo chidzatuluka ndi mwinjiro watsopano wopetedwa pamakina awo. Amayi a m'mudzimo anatumiza nsalu ya veleveti yofiirira, yodalitsidwa ndi wansembe, chidutswa chimodzi basi. Veleveti sikhululukira singano. Pomwe yabayidwa pamaonekabe ngakhale utasosola ulusi wonse.

Lachisanu a Eleuterio anayambitsa makina, ulusi wagolide, chithunzi cha galu wa Roke atanyamula buledi kukamwa. Woyendetsa makinawo anamutuma kukawagulira chakumwa. Kenaka mwini malo ena owotcha nkhuku anaimba foni kufunsa za maepuloni ake, ndipo a Eleuterio, pofuna kudzitama kuti kwawo ntchito sichedwa, anadina batani lija n'kutumiza chithunzi cha nkhuku, akadali kulankhula naye pa foni.

Makina sanadziwe kuti awasinthira mbale. Anapitiriza kuwerenga pomwe analekezera, n'kupeta chimene anapezapo.

Ine ndinaitanidwa ndi mawu osatchulika. Nditafika ndinapeza mwinjiro uli tambalale patebulo. Mutu wa galu unali wokongola zedi, maso achifundo, buledi kukamwa. Kuyambira m'khosi kutsika munali nkhuku yowotcha, yonona, miyendo m'mwamba, ndipo pansi pake zilembo zagolide zinkati, ya banja lonse, tchipisi ulere.

Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. Chisoni changa chinali pa nsalu ndi amayi aja, koma pa mwini wakeyo ndinalibe ngakhale kadontho.

"Kachipangizo kako kandipha!" anakuwa. "Bwanji sikanandiletse?"

"Kankakuletsani, bambo. Munati kakhuta."

"Usandiyankhe, mtsikana iwe! Bweza! Si makompyuta amabweza zinthu?"

"Singano ilibe batani lobwezera, bambo."

Tili mkati mokangana choncho analowa mlongo wawo wamkulu, mayi Primitiva, amene anabwera pa basi kudzatenga mwinjirowo. Chipewa anali nacho kumutu, nsalu yonyamulira katundu ili kumsana. Anayang'ana galu, anayang'ana nkhuku, anawerenga zilembo milomo ikugwedera pang'onopang'ono.

"Achemwali," anatero a Eleuterio, mawu atachepa ngati a mwana, "musadandaule. Ndigula veleveti ina lero lomwe. Palibe adzadziwe."

"Ina? Yodalitsidwa ndi ndani? Iwe ukufuna ndikanamize amayi amene anapsompsona nsalu iyi mmodzimmodzi?"

"Ndiye tikanene kuti inabedwa m'basi."

"Wakula, Eleuterio, koma nzeru unazisiya kubusa."

Anaupinda mwinjirowo mosamala, nkhuku mkati, n'kuumanga kumsana. A Eleuterio anatsekereza pakhomo.

"Achemwali, chonde. Simungamuveke zimenezo Woyera. Mudzi wonse udzaseka."

"Woyera waona zambiri, sachita manyazi," anatero mayiwo, akuwakankhira kumbali ndi chigongono. "Lamlungu adzavala chimene wamupatsa. Ndipo mwini chikondwerero amayenda kumbuyo kwenikweni kwa chifanizo, atanyamula kandulo, kuchokera kutchalitchi mpaka kubwalo. Ubwere msanga, suti yako ija uisite bwino."