Wokhala Kumanzere

Kuseli kwa nyumba ya malemu Amayi Rosina Tembo, ku Kapata, kuli shedi ya malata imene odutsa mumsewu amaidziwa ndi mphuno asanaione ndi maso. M'menemo amakazingamo mtedza wa chalimbana wogula kwa alimi a ku Chiparamba, n'kuugaya, n'kuthira chiponde m'mabotolo. Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri ntchito yonseyo inkayambira pamphasa. Amayi Rosina ndi amayi ena asanu ndi mmodzi ankakhala mozungulira, bondo kukhudza bondo, aliyense lichero pamiyendo, kusankha mtedza: wabwino m'beseni, wowola ndi wachuku m'kachitini. Pakamwa sipankapuma. Inkabwera nyimbo ya kwaya, kenako miseche ya kumphakati, kenako mkangano wa mvula, ndipo dzanja la uyu linkangolowa m'lichero la uyo osapempha n'komwe.

Edita, mwana mmodzi yekhayo wa Amayi Rosina, anakulira m'mphepete mwa mphasa imeneyo. Atamaliza sukulu anapita ku Lusaka, kumene anagwira ntchito zaka khumi ndi chimodzi m'nyumba yosungira katundu ya sitolo ina yaikulu, malo amene ngakhale tsache limakhala ndi nambala. Kwawo ankabwera pa Khrisimasi basi. Amayi ake atamwalira m'nyengo yokumba mtedza, anabwerera kudzatenga makiyi a shedi.

Amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo Edita anabwera nako kalumoko, konolanola. Anayang'ana mphasa ija mlungu umodzi, mutu unamupweteka. Kodi waulesi ungamudziwe bwanji pamene aliyense akupisa m'lichero la mnzake? Anakagula matebulo asanu ndi limodzi kwa kalipentala, nawaika motalikirana. Beseni lililonse analilemba dzina ndi penti. Pakhomo anapachika sikelo, pakhoma bolodi yolembapo makilo a munthu aliyense. Mphasa anaipinda, kuimanga ndi luzi, n'kuiponya pamitanda ya denga. Kenako anaima pamaso pa onse n'kulengeza lamulo: beseni likapezeka ndi mtedza wowola kawiri, mwini wake azikapuma kunyumba. Mumtima ankati tsobola wakale sawawa, koma sakanayerekeza kutulutsa mawu amenewo pamaso pa amayi amene anamusinthapo matewera.

Tisamunamizire mwanayo, makilo anakweradi. Pamene kale ankatha matumba awiri patsiku, tsopano ankayandikira atatu. Koma m'shedi munangoti zii. Unkangomva mtedza ukugwera m'mabeseni ngati mvula yowaza padenga. Edita ankaima pakhomo ndi choko chake, akudabwa kuti n'chifukwa chiyani manambala okongola chotero sakumusangalatsa. Ankazisowa nyimbo zija, ndipo zinkamukwiyitsa kuti akuzisowa.

Mlungu wachitatu, mwini golosale wa ku Mwami, amene ankagulitsa chiponde chawo kwa oyendetsa malole, anaimba foni. Anati makasitomala akudandaula, chiponde chikuwawa kukhosi. Edita anapita kumabeseni n'kuyamba kuvundula limodzilimodzi. Asanu anali oyera. Beseni lachisanu ndi chimodzi linali ndi timtedza takuda apa ndi apo, ndipo dzina la penti pambali pake linali FAINESS.

Amayi Fainess ndiwo anali oyamba kulembedwa ntchito, kalekale pamene Amayi Rosina ankasinja chiponde mumtondo n'kumakagulitsa pamsika ndi kapu. Ndiwo ankamusungira Edita mtedza wokazinga pansonga ya chitenje akaweruka kusukulu. Tsopano anali mayi wamasiye, ndipo pakhomo pawo panali adzukulu awiri odya za manja omwewo. Edita anawachenjeza mwaulemu, chapansipansi.

“Ndamva, mwanangu,” anatero basi.

Lachitatu la mlungu wotsatira beseni lomwelo linagwidwanso. Tsiku limenelo Edita anaika choko pansi n'kuwayang'anitsitsa. Anaona akupendeketsa lichero kuloza kuwala kwa pakhomo, akubweretsa mtedza pafupi ndi mphuno, akuupsinya ndi zala. Wonyala ankaupeza msanga kuposa wina aliyense, chifukwa zala zinkawauza. Koma wachuku, umene umasiyana ndi unzake mtundu wokha, unkangodutsa. M'maso mwawo munali ng'ala.

Apa ndiye panavuta. Lamulo analengeza yekha, mokweza, anthu onse akumva. Akalithyola pa munthu woyamba, ndani adzamumverenso? Akalisunga, achotsa munthu amene anamanga nawo shediyo. Anadziuza kuti bizinesi si mpingo, n'kusankha Lachisanu kuti ndilo tsiku lowauza.

Lachinayi madzulo anzawo ataweruka, Amayi Monika, amene tebulo lawo linali lachitatu kuchokera pakhomo, anatsalira akutsuka mabeseni amene anali oyera kale. Anali mayi wosadziwa kuzungulira nkhani, koma tsiku limenelo anayamba ndi funso.

“Iwe Edita, amayi ako ankakhala pati pamphasa paja?”

“Chakukhomo. Bwanji kodi?”

“Nanga kumanzere kwawo?”

“Amayi Fainess.”

“Kuyambira liti?”

Edita anaganiza. Ali mwana, awiriwo ankakhala moyang'anizana, chifukwa ankakonda kukangana maso ndi maso. Koma pa Makhrisimasi omaliza ankawapeza atagundana mapewa, ndipo iye sanafunsepo.

“Shuga uja anawadya maso amayi ako,” anatero Amayi Monika, akupukuta manja. “Zaka zinayi zomaliza, nsawa yowola ndi yabwino kwa iwo zinali chimodzimodzi. Anatiletsa kukuuza, ati mwana angasiye ntchito ku Lusaka. Ndiye tsiku lina a Fainess anangonyamuka, ati kuno kukuomba mphepo, n'kukakhala kumanzere kwawo. Ukakhala kumanzere kwa munthu, dzanja lako lamanja lili pafupi ndi lichero lake. Wina ayambitse nthabwala, tonse tili gwegwede kuseka, dzanja lalowa, latola, latuluka. Ukuyesa nyimbo zonse zija tinkaimbira chiyani?”

“Amayi ankadziwa?” Mawu a Edita anatuluka ang'onoang'ono.

“Patatha zaka ziwiri anawagwira dzanja lili m'lichero. Analigwira kanthawi, n'kulisiya. Palibe analankhula, ntchito inapitirira. Tsono chaka chatha a Fainess atayamba kusuzumira pafupi, nanenso mphepo inayamba kundiomba pamene ndinkakhala. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Koma matebulo akowa atalikirana, mwanawe. Dzanja langa silifika.”

Anasanja mabeseni n'kumapita. Edita anatsala ataimirira pakati pa matebulo ake. Anakumbukira Khrisimasi ina amayi ake akumupatsa foni kuti awawerengere uthenga, ati magalasi aiwala kuchipinda, pomwe magalasiwo anali pamphuno. Iye anangoseka n'kuwanena kuti akalamba. Anakumbukiranso mmene ankamulandirira pomugwiragwira kumaso ndi manja onse awiri, iye n'kumati ndi chikondi chabe. Manyazi anamugwira, ndi chisoni chimene sanachimve ngakhale tsiku la maliro. Zaka zinayi amayi ake anatsogolera ntchito asakuona, chiponde osawawa ngakhale botolo limodzi, ndipo iye wamaso awiri anaiwononga m'milungu itatu.

Lachisanu m'mawa Amayi Fainess anafika mochedwa, chinthu chimene sanachitepo. Anavala chitenje cha bungwe la amayi a kutchalitchi, chija amavala pa zinthu zazikulu zokha. Sanapite patebulo pawo. Anatenga lichero lawo lakale, limene anabwera nalo okha zaka zonsezo zapitazo, n'kulipanira m'khwapa.

“Mwanangu, ndabwera kudzatsanzika,” anatero. “Lamulo ndinalimva ndi makutu angawa, makutu akadali bwino. Usavutike kufunafuna mawu. Rosina sanandichotsepo ntchito, sindikufuna kuti mwana wake achite kunyamula katundu ameneyo. Ndichoka ndekha.”

Amayi enawo anazyolika, aliyense maso m'beseni mwake. Edita anangokoka tebulo limodzi, kuvula nsapato, n'kukwerapo. Kunena zoona, imeneyo ndiyo ntchito yabwino kwambiri imene tebulolo linagwirapo. Anatambasula manja kumitanda n'kutsitsa mphasa ija, fumbi n'kumuthira kumaso. Atamasula luzi n'kuiyala, munatuluka fungo la mtedza wa zaka makumi awiri, ndipo chakukhomo panaoneka pamalo poperepeseka pamene amayi ake ankakhala.

“Matebulo apite kukhoma, tiziikapo mabotolo,” anatero, akutsokomola. “Sikelo ikhala, koma tiziyeza thumba limodzi la tonse. Lamulo lija ndinaika ndine, ndalichotsa ndine. Wofuna kundiseka aseke.”

Amayi Monika sanadikire kuuzidwa kawiri, anaseka mpaka kugwira m'nthiti.

“Amayi,” Edita anatembenukira kwa Amayi Fainess, “Lolemba tipita limodzi kuchipatala cha maso, akatiuze ngati ng'alayo ingachotsedwe. Koma lero kuli matumba atatu. Khalani pansi.”

Amayi Fainess anakonza chitenje chawo cha kutchalitchi n'kukhala pamphasa, lichero pamiyendo. Amayi Monika anayamba kusendera kumanzere kwawo monga mwa kale, koma Edita anawatsekereza ndi bondo.

“Pepani Amayi Monika, kumene ndinaima kuja kukuomba mphepo.”

Anakhala pansi, siketi ya ku Lusaka ikukana kupindika. Mtedza unathiridwa m'malichero. Wina anayambitsa nyimbo ya kwaya, ena n'kuilandira, poyamba mwamanyazi, kenako ndi mphamvu, mpaka wogulitsa makala mumsewu anaima ndi njinga yake kusuzumira. Makilo a tsiku limenelo anali oti atsika, Edita ankadziwa, ndipo sizinamuwawe monga ankayembekezera. Maso ake anali pa lichero la kudzanja lake lamanja. Anaona kamtedza kakuda kakuyandikira m'mphepete, kulowera kubeseni. Anadikira nyimbo ifike pokwera, n'kulowetsa dzanja mwakachetechete.

Dzanja lokhakhala linamugwira pamkono nthawi yomweyo.

“Ha! Mbala yanji yosadziwa ntchito iyi?” anatero Amayi Fainess, osatembenuka n'komwe. “Ine amayi ako anandigwira patatha zaka ziwiri. Monika ndinamumva patatha mwezi. Iwe ngakhale ndime yoyamba sinathe.”

Onse anafa nacho chiseko, Edita akuseka nawo misozi ili mbwembwembwe. Koma Amayi Fainess sanalisiye msanga dzanjalo. Analitembenuza, n'kuyendetsa zala zawo pa chala chilichonse, pang'onopang'ono, monga amachitira pofufuza mtedza.

“Zala izi ndi za Rosina,” anatero motsitsa mawu.

Atatero analisiya, n'kukankhira lichero lawo pafupi ndi bondo la Edita.